Seva ya bungwe la alimi ku Ulongwe: mmene tinaisakira, kuilipira ndi kusamukirapo

Ntchito yanga ndi yokonza makompyuta ndi kusamala mapulogalamu a mabungwe ang'onoang'ono kuno m'chigawo cha Tete, ku Mozambique. Nkhani iyi ndi ya ntchito imene ndinagwira kumayambiriro kwa 2024 ku bungwe lina la alimi ku Angónia. Bungweli limabwereketsa mbewu ndi feteleza mvula isanagwe, ndipo pokolola limagula soya, nyemba ndi chimanga kwa mamembala n'kudula ngongoleyo pomwepo pasikelo. Ofesi ili ku Ulongwe, malo ogulira ali ku Domwe, ku Tsangano ndi kufupi ndi malire a Calómuè. Ndalemba zonsezi chifukwa funso limene anandifunsa iwo ndimalimvanso kwa eni mafamasi, masukulu ndi makampani a mathiraki ku Moatize: kodi seva ya tokha (kompyuta yosunga pulogalamu kuti anthu aziifikira pa intaneti), yokhala ndi database (nkhokwe ya mayina ndi manambala), yotsika mtengo, tingaipeze kuti?

Chimene anandiitanira

Pulogalamu yawo inalembedwa m'chilankhulo cha makompyuta cha PHP, ndipo mayina a alimi, ngongole ndi makilo zinkasungidwa mu database ya MySQL. Zonsezi zinali pa hosting yogawana, ija yotchipa imene makasitomala mazanamazana amakhala pa kompyuta imodzi. Ili ngati nyumba ya mdadada: chipinda n'chako, koma mpopi ndi wa aliyense, ndipo mwininyumba amakuikira malire a zidebe zimene ungatunge. Miyezi ya dzinja zinthu zinkayenda bwino chifukwa ogwiritsa ntchito anali awiri kapena atatu. Kampanya yogula ikangoyamba, makalaliki onse akalowa nthawi imodzi, pulogalamu inkaima n'kulemba kuti malumikizidwe a database akwana.

Kwa munthu wa makompyuta ndi uthenga chabe wa pa sikirini. Kwa mlimi amene wadzuka mbandakucha ndi ngolo ya matumba, ndi tsiku lathunthu padzuwa. Ena ankatopa n'kukagulitsa kwa mavenda a m'mbali mwa msewu, ndipo ngongole ya feteleza inkatsala osadulidwa. Makalaliki ankabwerera ku kope ndi cholembera, madzulo n'kumalowetsa manambala atatopa, ndipo apa m'pamene makilo a munthu wina ankagwera pa dzina la mnzake.

Ine ndisanabwere, mnyamata wina wodziwa ndithu ntchito anayesapo kuthandiza. Anachotsa pulogalamu pa hosting ija n'kuiika pa kompyuta ya mu ofesi ku Ulongwe, koma database anaisiya kunja komweko, ku Ulaya. Maganizo ake anali omveka, koma zinthu zinafika poipa kuposa kale, ndipo chifukwa chake ndicho mutu wa nkhani yonseyi.

Uthenga wochoka kuno kupita ku Ulaya suwoloka molunjika. Umatsika ndi mawaya mpaka kugombe, makamaka ku Maputo kumene kunafikira nthambo za pansi pa nyanja za SEACOM mu 2009 ndi EASSy mu 2010, kenako n'kuzungulira Africa. Kuwala mu fayiba kumathamanga pafupifupi makilomita 200 pa milisekondi imodzi, ndipo palibe ndalama imene ingakufulumizitse. Kupita ndi kubwerera kumadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Ulendo umodzi wotere munthu sauzindikira. Koma tsamba lowonetsa ngongole ya mlimi linkafunsa database mafunso pafupifupi 60, limodzi likayankhidwa kenako linzake. Werengani nokha: 60 kuchulukitsa ndi 0.2, ndi masekondi 12 pa mlimi mmodzi, netiweki ili bwinobwino. Pulogalamu ndi database zikakhala pa makina amodzi, mafunso 60 omwewo amatha diso lisanaphethire, ndipo foni ya kalaliki imangoyenda ulendo wautaliwo kangapo kokha kukatenga tsamba lopsa kale. Choncho ndinauza a pulezidenti a bungwe tsiku loyamba lomwelo kuti kulikonse kumene tidzapite, ziwirizi zidzakhala pamodzi.

Iwo anali atalandira kale mtengo kwa munthu wina wa maseva awiri, ina ya pulogalamu ina ya database, pa Windows Server ndi SQL Server, database ya Microsoft. Sindinanyoze, koma ndinawafotokozera kuti SQL Server yolipira amaiwerengera laisensi potengera ma core a purosesa, ndipo yaulere ija, Express, ya 2019 ndi 2022, imalekeza pa 10 GB pa database iliyonse. Kuwonjezera apo pulogalamu yawo ikanafunika kulembedwanso. Ndalama imeneyo inali ya feteleza wa anthu ambiri.

Kuyeza tisanayang'ane mitengo

Ndinatha masiku awiri ndikungoyeza. Database yonse, ya zaka zingapo, sinkafika ndi 3 GB yomwe. Chachikulu chinali zithunzi: ziphaso za mamembala ndi mapepala a mgwirizano osainidwa kapena odindidwa chala, zimene zinali kuyandikira 200 GB ndipo zimakula chaka ndi chaka. Nditayatsa kaundula wa mafunso ochedwa ndinapeza kuti tebulo la malonda linalibe index, mlozera wofulumizitsa kusaka, pa nambala ya membala, kotero database inkawerenga mzere uliwonse kuyambira pamwamba pofuna munthu mmodzi. Ndinaikapo index, ntchito ya mphindi zochepa, ndipo kuchedwa kunatsika ndi gawo lalikulu tisanagule kanthu.

Apa ndiyenera kunena zoona monga ndinawauzira iwo. Pa kukula kumeneku VPS yabwino ikanakwanira, kutanthauza chigawo cha seva chimene amakudulira ndi memori yakeyake. Seva ya wekha si mankhwala a matenda onse. Disiki ikafa ndi yako, ukaiwala kutseka khomo wakuba alowa mwako, ndipo palibe amene angakudzutse. Tinapitabe ku seva ya tokha pa zifukwa ziwiri. Malo a zithunzi pa VPS amakwera mtengo msanga, ndipo bungwe linkafuna kuti pa makina amene pali ziphaso za alimi pasakhale mlendo wina aliyense. Chifukwa chachiwirichi ndinachilemekeza. Lamulo la dziko lino la zochitika za pa intaneti, Lei 3/2017, limakamba za kuteteza uthenga wa anthu, komabe ngakhale popanda lamulo, mayi amene anapereka chiphaso chake kuti alandire thumba la feteleza sanavomere kuti chizingoyendayenda.

Malo anayi amene tinawaganizira

Oyamba anali mu ofesi momwemo. A komiti ambiri ankakonda zimenezi chifukwa chinthu ukuchiona ndi maso. Ku Ulongwe n'kozizira, sikuli ngati mu mzinda wa Tete kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndiye za kutentha sizinandidetse nkhawa. Nkhawa inali magetsi ndi ziphaliwali. Chigawo chathu chili ndi Cahora Bassa ya mamegawati 2,075, koma waya wofika ku ofesi yathu umadutsa m'mapiri ndi m'mitengo, ndipo nthawi ya mvula amathima. Pakanafunika mabatire, invetala ndi munthu wogona pafupi. Vuto lina n'lakuti intaneti ya m'mafoni, ngakhalenso Starlink ya wamba, intaneti ya pa setilaiti, imene inayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2023, nthawi zambiri sikupatsa adiresi ya IP yakoyako yoti anthu akunja akupezerepo. Njira zozembera vutoli zilipo, koma iliyonse ndi chinthu chinanso choti chidzawonongeke pa tsiku la msika.

Achiwiri anali Maputo. Mtima wanga unali kumeneko, chifukwa ndalama ikanakhala ya metikali, fakitura yokhala ndi NUIT (nambala ya msonkho) yoyenera, ndipo uthenga wa alimi ukanakhala m'dziko. Mitengo imene tinalandira ya makina athunthu inali yoposa mphamvu ya bungwe. Ndidzafunsanso chaka china, pakuti malo osungira maseva ku Maputo akuwonjezeka.

Achitatu anali South Africa. Ku Johannesburg ndi kufupi, ulendo wa uthenga ndi waufupi kwambiri kuyerekeza ndi Ulaya, ndipo kuli makampani okhazikika monga xneelo, imene mpaka 2019 inkadziwika ndi dzina la Hetzner ya ku South Africa. Kulinso AWS ku Cape Town kuyambira 2020, kumene angakusamalire database yonse iwo eni. Ntchito yawo ndi yabwino, koma bilu yake imasintha mwezi ndi mwezi potengera zimene wagwiritsa ntchito, ndipo amayi msungichuma ananeneratu kuti akufuna nambala imodzi yoti aiike mu bajeti ya chaka.

Achinayi anali Ulaya, kumene makina ogwirapo kale ntchito amabwereketsedwa motchipa. Hetzner ya ku Germany ili ndi msika wa maseva akale umene mtengo wake umatsika pang'onopang'ono mpaka wina atatenga, ndipo OVHcloud ya ku France ili ndi mtundu wa Kimsufi. Nthawi imene ndinkafufuza, makina a 64 GB ya memori ndi madisiki awiri ankapezeka pa ma euro 30 mpaka 45 pamwezi. Euro imodzi inali pafupifupi metikali 70, ndiye ma euro 40 ndi ngati metikali 2,800. Tinasankha Ulaya, titavomereza mtunda wake, chifukwa pulogalamu ndi database zikakhala pamodzi mtundawo umamveka pang'ono.

Posankha makina enieniwo sindinathamangire wotchipitsitsa. Ndinafuna madisiki awiri a SSD kuti ndiwamange RAID 1, imene imalemba chilichonse pa onse awiri. Ndinafuna memori ya ECC, imene imadzikonzera zolakwika zing'onozing'ono, poti nambala imodzi ikasintha mwakachetechete mu ngongole ya munthu palibe angadziwe. Ndinafunanso kuti pasakhale ndalama yoyambira, ndiponso kuti titha kusiya pakatha mwezi. Atangotipatsa makinawo ndinayang'ana ndi pulogalamu ya smartctl maola amene disiki iliyonse yagwira ntchito ndi mmene yathera. Pa makina akale chimenechi n'chofunika ngati kuyang'ana mano a ng'ombe pa msika.

Kulipira

Gawo ili ndilo linatitengera nthawi yaitali kuposa lina lililonse, ndipo anthu ofunsa za maseva otchipa saliwerengera. Makampani akunja safuna metikali. Amafuna khadi la Visa kapena Mastercard, PayPal, kapena kutumiza kudzera ku banki. Bungwe linali ndi akaunti ya macheke osainidwa ndi anthu awiri, ndipo ndalama zake zambiri zimayenda pa M-Pesa ndi e-Mola. Khadi lolipirira kunja linalibe.

Njira yachidule inali yoti ndilipire ndi khadi langa iwo azindibwezera. Ndinakana. Ndaonapo mabungwe atataya zonse chifukwa seva inali m'dzina la katswiri amene anasamuka kapena anakangana nawo. Akaunti tinaitsegula m'dzina la bungwe, ndi imelo ya bungwe, ndipo mawu achinsinsi analembedwa papepala n'kutsekeredwa mu sefa mmene mumakhala macheke. Ine ndinapatsidwa khomo langa lolowera limene iwo angalitseke tsiku lililonse. Dzina lawo la pa intaneti la .co.mz ndinaonetsetsanso kuti lili m'dzina lawo.

Banki inatenga masabata angapo kutulutsa khadi, ndipo ulendo woyamba malipiro anakanidwa chifukwa khadilo linali lisanatsegulidwe kuti lizigula kunja. Amayi msungichuma anachita kupitanso kukalemba kalata. Kuchokera pamenepo tinagwirizana kuti tiziikiratu ndalama ya miyezi ingapo ku akaunti ya seva, makamaka isanayambe kampanya, chifukwa makampaniwa bilu ikapitirira masiku amatseka makina, ndipo ukachedwa kwambiri amafufuta disiki. Chinthu china chothandiza: kasitomala wa kunja kwa European Union salipiritsidwa msonkho wa kumeneko, umene ku Germany ndi 19 peresenti, bola adiresi ya bungwe ikhale yolembedwa molondola. Za mmene fakitura yakunja ilowere m'mabuku a kuno ndinasiyira wowerengera ndalama wawo.

Kumanga ndi kusamuka

Ndinaika Debian 12, pulogalamu yoyendetsa makina, imene imabwera ndi MariaDB 10.11, m'bale wake wa MySQL amene anaphukira kwa iyo mu 2009, kotero pulogalamu sinafune kusintha kwambiri. Database ndinaiuza kuti izimvera pa 127.0.0.1 pokha, kutanthauza mkati mwa makina omwewo, khomo lake la 3306 lisaonekere kunja. Kulowa kwa SSH, njira yolamulira seva uli kutali, ndi kwa kiyi basi, osati mawu achinsinsi. Satifiketi ya HTTPS, yobisa uthenga panjira, ndi ya Let's Encrypt, yaulere, ya masiku 90 ndipo imadzikonzanso yokha. MariaDB ikangoikidwa imapatsa innodb_buffer_pool_size, memori imene database imagwiritsa ntchito, 128 MB yokha, ndiye anthu ambiri amagula makina aakulu n'kumadabwa kuti sakuthamanga. Ndinaikweza kufika 8 GB, database yonse n'kukwana mu memori.

Poyesa kusamutsa tinakumana ndi zinthu zitatu zimene munthu wa ku Ulaya sakanaziganizira.

Choyamba ndi zilembo. Database yakale inkasunga zilembo m'njira yotchedwa latin1. Mayina a Chipwitikizi okhala ndi ã kapena ç ankalowa bwino, koma ŵ wathu mu latin1 mulibe, ndiye paliponse pamene kalaliki analemba ŵ panali chizindikiro cha funso kapena zinyalala. Tinasamukira ku utf8mb4, imene imalandira zilembo zonse, ndipo mayina owonongekawo tinawakonza pamanja ndi kalaliki wamkulu amene amadziwa midzi yonse pamtima.

Chachiwiri chinandidetsa nkhawa kwambiri. Makalaliki anandiuza kuti dzina lililonse lokhala ndi ng' pulogalamu imalikana, ndiye anazolowera kulemba popanda kachizindikiro kaja. Iwo ankaona ngati n'kavuto kakang'ono. Koma kachizindikiro kameneka mu SQL, chilankhulo chofunsira database, ndiko kamatseka mawu, ndipo ngati kakusokoneza funso ndiye kuti zimene munthu walemba zikulowa mu database osasefedwa. Munthu woipa akhoza kulemba lamulo m'bokosi la dzina n'kutulutsa kapena kufufuta tebulo lonse. Ndinaimitsa kusamuka sabata imodzi n'kulembanso mafunso onse otere kuti azidutsa mu prepared statement, njira yolekanitsa lamulo ndi zimene munthu walemba. Kusamutsa pulogalamu ili ndi bowo limeneli kukanakhala kumanga khola latsopano n'kusiya chipata chosatseka.

Chachitatu ndi nthawi. Ife tili pa UTC+2 chaka chonse. Germany amafanana nafe m'chilimwe chawo, koma Lamlungu lomaliza la Okutobala amabweza wotchi ndi ola limodzi. Seva itasiyidwa pa nthawi yakumeneko, zonse zikanaoneka zolondola m'miyezi yogula, kenako malisiti a nthawi yogawa feteleza n'kuyamba kusiyana ndi ola. Ndinaika Africa/Maputo pa makina, pa PHP ndi pa database.

Masiku awiri tisanasamuke ndinatsitsa TTL ya DNS, nthawi imene adiresi ya seva imakumbukiridwa, kufika masekondi 300 kuti mafoni asakakamire adiresi yakale. Tinasamuka Loweruka usiku, Lamlungu tinayerekeza chiwerengero cha mizere ndi ngongole yonse pa seva yakale ndi yatsopano, zinafanana, ndipo Lolemba makalaliki anayamba ntchito. Hosting yakale tinaisunga mwezi wina umodzi osaigwiritsa ntchito.

Makope osungira

A pulezidenti atamva kuti madisiki ndi awiri anafunsa ngati pakufunikanso kulipira malo ena osungira. Ndinawauza kuti RAID imateteza disiki ikafa basi. Kalaliki akafufuta molakwitsa, zimafufutika pa madisiki onse awiri nthawi imodzi. Ndinawakumbutsanso za moto wa mu Malichi 2021 ku Strasbourg, umene unapsereza nyumba yathunthu ya maseva a OVHcloud, ndipo amene makope awo anali m'nyumba yomweyo anataya zonse. Ifenso tikudziwa mmene namondwe Ana anadulira mlatho wa Revúbuè mu Januwale 2022. Chinthu chokhala pamalo amodzi chimapita tsiku limodzi.

Tinakonza motere. Usiku uliwonse mariadb-dump imatulutsa kope la database ndi --single-transaction kuti ntchito isaime, kopelo limatsekedwa ndi kiyi n'kutumizidwa kwa kampani ina, m'dziko lina. Binlog, kaundula wa zonse zosinthidwa mu database, ndi yoyatsa, kuti tithe kubwerera pa ola lenileni chisanachitike cholakwika. Zithunzi zimatumizidwa zatsopano zokha. Lachisanu lililonse kope la database limatsikira pa disiki ya mu ofesi ku Ulongwe. Zonsezi zinawonjezera ma euro ochepa pamwezi.

Kenako ndinachita chimene ndimaumirira pa ntchito iliyonse. Ndinakhala pansi ndi mtsikana amene amasamala makompyuta a mu ofesi, ndinamupatsa pepala la ndondomeko, ndipo iye yekha, ine manja ali m'thumba, anabwezeretsa database pa laputopu kuchokera ku kope la dzulo lake. Ulendo woyamba anakanika pa sitepe ya kiyi chifukwa ndinali nditalemba mosamveka. Tinakonza pepalalo, anabwerezanso, zinatheka. Pepala limenelo lili m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi.

Zimene zinachitika mu kampanya

Uthenga wa malumikizidwe okwana sunaonekenso. Tsamba la ngongole linkatseguka pa sekondi imodzi kapena ziwiri pamene netiweki ili bwino, ndipo makina sankagwiritsa ntchito ngakhale kota ya mphamvu yake.

Koma pa 12 Meyi 2024 nthambo za EASSy ndi SEACOM zinaduka m'nyanja cha kumpoto kwa Durban, ndipo intaneti inafooka ku Mozambique, Malawi, Tanzania ndi maiko ena a kuno. Inali nthawi ya soya. Seva yathu inali yamoyo, koma kuifikira kunali kovuta kwa masiku angapo, ndipo makalaliki anabwereranso ku kope. Pamenepa ndinaona malire a chisankho chathu. Seva ya ku Maputo mwina ikanapirira bwino sabata imeneyo. Komabe ku malo ena ogulira a ku Tsangano netiweki imasowa ngakhale nthambo zili bwino, ndipo kufupi ndi malire foni imatha kulumphira pa netiweki ya ku Malawi. Zimenezi seva iliyonse singazithetse, ikhale kutali kapena pafupi.

N'chifukwa chake ndalama imene inapulumuka posagula seva yachiwiri ndinapempha komiti kuti ipite ku kapulogalamu ka pa foni kosunga malonda mu SQLite, ka database kakang'ono, pa foni pomwepo, n'kumatumiza ku seva netiweki ikabwera. Chovuta chake n'chakuti mlimi mmodzi akhoza kugulitsa malo awiri tsiku limodzi mafoni onse ali opanda netiweki, ngongole n'kudulidwa kawiri. Tinagwirizana kuti lisiti lililonse lizikhala ndi nambala yake yopangidwira pa foni, ndipo seva ikaona kuti kudula kwapitirira ngongole, iziika dzinalo pa mndandanda woti amayi msungichuma abweze ndalama yotsalayo pa M-Pesa kapena e-Mola. Komiti inavomera, ndipo tinayamba kuyesera pa malo awiri a ku Tsangano.